Khodi Yanu Ikhale ndi Kwawo: Kusanja Zimene Mwalemba Nokha pa Webusaiti ya WordPress

Lolemba lina m'mawa, mayi amene amayendetsa malo ogona alendo kunyanja anandiimbira foni mawu akunjenjemera. Fomu yosungitsira zipinda pa webusaiti yawo inali itasowa, mitengo sinkaoneka, ndipo alendo ankaimba kufunsa ngati malowo atsekedwa. Mnyamata amene anawapangira webusaitiyo anali atapita ku Joni ndipo nambala yake sinkapezekanso. Nditalowa kumbuyo kwa webusaitiyo ndinaona chimene chinachitika. Lachisanu wantchito wina anaona uthenga wakuti theme, imene imapatsa webusaiti maonekedwe ake, ili ndi update, ndipo anadina monga aliyense akanachitira. Zonse zimene mnyamata uja analemba ndi manja ake zinali m'fayilo ya functions.php ya theme yomweyo. WordPress ikamaika update imachotsa foda yakale yonse n'kuikapo yatsopano. Ntchito ya miyezi inapita pa mphindi imodzi, ndipo kope lina kunalibe kulikonse.

Mnyamatayo sanali mbuli. Fomu yake inkagwira bwino kwa zaka. Chimene khodi yake inasowa ndi kwawo: inkakhala m'nyumba ya eni, ndipo eni ake atabwera kudzasesa anaisesera limodzi. Malangizo ali pansipa ndi njira imene ndimatsata kuti mzere uliwonse umene ndalemba ukhale ndi malo odziwika, mbiri yolondolozeka, komanso uyesedwe kasitomala asanauone. Ndikunena za WordPress, pulogalamu yopangira mawebusaiti, chifukwa ndi imene ambiri tikugwiritsa ntchito. Kuchokera pamene Matt Mullenweg ndi Mike Little anaiyamba mu 2003, yakula mpaka kunyamula mawebusaiti oposa 40 pa 100 aliwonse padziko lapansi. Koma zambiri mwa izi mutha kuzitengera pa ntchito ina iliyonse.

Yambani ndi kalembera

Musanasunthe kanthu, dziwani kaye zimene muli nazo. Pa webusaiti imene yakhala zaka zingapo, khodi yolemba nokha imabalalika ngati nkhuku zoweta popanda khola. Yang'anani mu functions.php ndi style.css za theme. Yang'anani m'bokosi la Additional CSS. Onani ngati muli plugin (kapulogalamu kowonjezera ntchito pa WordPress) yosungira timizere ta khodi monga Code Snippets, kapena yoikira zinthu ku mutu ndi kuphazi kwa tsamba, kumene anthu amamata khodi ya Google Analytics ndi ya Facebook. Tsegulani masamba opangidwa ndi Elementor kapena zofanana nayo, mufufuze mabokosi a HTML. Musaiwale wp-config.php ndi .htaccess.

Malo ovuta kwambiri ndi pamene wina analowa m'mafayilo a WordPress yeniyeni kapena a plugin ya eni n'kusintha mizere iwiri itatu. Ndi maso simungapaone. Ngati muli ndi WP-CLI, chida choyendetsera WordPress polemba malamulo, malamulo awiri awa amafananiza mafayilo anu ndi enieni a ku WordPress.org n'kukuuzani amene anakhudzidwa:

```
wp core verify-checksums
wp plugin verify-checksums --all
```

Lachiwirili limathandiza pa ma plugin ochokera ku WordPress.org okha. Ogula kwina muyenera kukopera atsopano n'kufananiza nokha.

Chilichonse chimene mwapeza, lembani m'fayilo imodzi: chili pati, chimachita chiyani, ndipo chikufunikabe kapena ayi. Mudzadabwa kuchuluka kwa zimene palibe akuzigwiritsa ntchito, monga chikwangwani cha Khirisimasi ya zaka zitatu zapitazo chimene chinangobisidwa koma chikukokedwabe ndi mlendo aliyense. Musafufute lero. Ingolembani. Ndipo tengani backup yonse, mafayilo ndi database, musanapite pa sitepe yotsatira.

Funso limodzi logawira katundu

Pa chinthu chilichonse pa mndandanda wanu, dzifunseni kuti: kasitomala akasintha theme mawa, ichi chiyenera kutsala kapena kupita nayo?

Mitundu, zilembo, kukula kwa zithunzi, kaonekedwe ka mutu wa tsamba, zonsezi ndi zovala. Zipite ndi theme. Koma musazilembe mu theme ya eni. Pangani child theme, imene ndi foda yanu mu wp-content/themes yokhala ndi style.css yoyamba motere:

```
/*
Theme Name: Nyanja Child
Template: astra
Version: 1.0.0
*/
```

Mzere wa Template ndiwo mtima wake. Pamenepo mumalemba dzina la foda ya theme yaikulu ndendende mmene lilili, osati dzina lokongola limene limaoneka pa dashboard. Mukalakwitsa chilembo chimodzi, WordPress imati theme yanu ndi yosweka. Update ikabwera imakhudza foda ya theme yaikulu yokha, yanu imatsala.

Koma fomu yosungitsira zipinda si chovala. Mndandanda wa zipinda, kawerengedwe ka mitengo, kulumikizana ndi Airtel Money kapena TNM Mpamba kudzera kwa kampani yolandirira malipiro, imelo imene imapita kwa mlendo akasungitsa, izi ndi ntchito ya bizinesiyo. Ziyenera kukhalapo ngakhale maonekedwe atasinthidwa kakhumi. Apa ndi pamene ambiri amene aphunzira za child theme amaimira, n'kuthira zonse mu functions.php ya child theme, poganiza kuti afika. Apulumuka ku update, inde, koma tsiku limene kasitomala adzafune maonekedwe atsopano, zipinda zonse zidzasowa pa dashboard. Zidzakhala zilipo mu database, koma khodi youza WordPress kuti kuli chinthu chotchedwa chipinda idzakhala itapita ndi theme yakale.

Kwawo kwa ntchito zoterezi ndi plugin yanuyanu, ya webusaiti imeneyo yokha. Mawu akuti kupanga plugin amaopsa anthu pachabe. Plugin ndi foda chabe mu wp-content/plugins yokhala ndi fayilo ya PHP imene ili ndi mutu wake. Ine ndimayala motere:

```
nyanja-core/
    nyanja-core.php
    includes/
        zipinda.php
        mafomu.php
        malipiro.php
    assets/
        css/
        js/
    README.md
```

Fayilo yaikulu isakhale ndi ntchito ina koma kudzitchula dzina ndi kuitana anzake:

```php
<?php
/**
 * Plugin Name: Nyanja Core
 * Description: Zipinda, mafomu ndi malipiro.
 * Version: 1.0.0
 */

defined( 'ABSPATH' ) || exit;

require_once __DIR__ . '/includes/zipinda.php';
require_once __DIR__ . '/includes/mafomu.php';
require_once __DIR__ . '/includes/malipiro.php';
```

Mzere wa ABSPATH umaletsa munthu kutsegula fayiloyo mwachindunji polemba adiresi yake mu browser. Uikeni pamwamba pa fayilo iliyonse ya PHP imene mwalemba.

Fayilo imodzi, nkhani imodzi. Malipiro akavuta usiku, mukufuna kutsegula malipiro.php n'kupeza za malipiro zokhazokha, osati kusambira m'mizere chikwi yosakanikirana. Tsopano samutsani khodi ija ya pa kalembera, chinthu chimodzi pa nthawi: chotsani kumene chinali, ikani kwawo kwatsopano, yesani, kenako tengani china. Mukachisiya malo awiri nthawi imodzi, PHP idzadandaula kuti function yomweyo yalembedwa kawiri ndipo webusaiti idzagwa.

Palinso foda ina yapadera, wp-content/mu-plugins. Zimene mwaika mmenemo zimayamba zokha, ma plugin ena onse asanayambe, ndipo palibe angazizimitse pa dashboard. Ndi yabwino pa tinthu tochepa timene situyenera kuzimitsidwa ngakhale mwangozi. Dziwani kuti WordPress imawerenga mafayilo okhawo amene ali pamwamba pa fodayo, silowa m'mafoda am'kati.

Nanga ma plugin osungira timizere aja? Sindiwada. Pa mizere isanu yoyesera ndi othandiza. Vuto lake n'lakuti ambiri amasunga khodi mu database, kumene Git, chida chosunga mbiri ya khodi chimene ndifotokoza pansipa, siingaione, ndipo simungadziwe kuti ndani anasintha chiyani, liti. Chimene chakhalitsa mmenemo n'kukhala chofunika, chisamutsireni ku plugin yanu.

Mayina asagundane, ndipo musagwire za eni

Pa webusaiti imodzi pamakhala khodi ya anthu makumi angapo amene sanaonanepo. Mukatcha function yanu send_email, n'kutheka kuti wina anatchula yake chimodzimodzi, ndipo zikakumana webusaiti imazima. Sankhani mawu amodzi a ntchitoyo, monga nyanja, muwaike kutsogolo kwa dzina lililonse: nyanja_tumiza_imelo, nyanja_werenga_mtengo. Kapena gwiritsani ntchito namespace, imene PHP yakhala nayo kuyambira 5.3 mu 2009. Njira zonse ziwiri ndi zabwino, bola mugwire imodzi mpaka kumapeto. Za chilankhulo cha mayina, ine ndimalemba Chichewa ngati ndikudziwa kuti odzalandira ntchitoyo ndi akonkuno. Ngati kasitomala ndi bungwe limene lingadzalembe munthu wakunja, ndimalemba Chingerezi.

Lamulo lina ndi losakambirana: fayilo imene simunalembe ndinu, musaisinthe. WordPress inasiya mipata yoti mulowerepo popanda kuboola khoma, imene imatchedwa ma hook. Ilipo mitundu iwiri. Action imakulolani kuchita kanthu pa nthawi inayake, filter imakupatsani chinthu kuti muchisinthe n'kuchibweza. Tinene kuti kasitomala akugulitsa ndi WooCommerce, imene imaonetsa kwacha ngati MK, koma iye akufuna K yokha monga timalembera pa mitengo m'sitolo. Musafufuze m'mafayilo a WooCommerce. Lembani izi mu malipiro.php:

```php
add_filter( 'woocommerce_currency_symbol', 'nyanja_chizindikiro', 10, 2 );

function nyanja_chizindikiro( $chizindikiro, $ndalama ) {
    if ( 'MWK' === $ndalama ) {
        return 'K';
    }
    return $chizindikiro;
}
```

Onani mzere womaliza uja. Filter nthawi zonse ibweze kanthu. Mukaiwala, ndalama zina zonse zidzaoneka zopanda chizindikiro.

CSS ndi JavaScript nazonso zili ndi khomo lake. Musamate ma script mu header.php. Aitaneni ndi wp_enqueue_style ndi wp_enqueue_script pa hook ya wp_enqueue_scripts, ndipo aitaneni pa masamba okhawo amene akufunika. Script ya kalendala yosankhira masiku ilibe ntchito pa tsamba lofotokoza mbiri ya malowo. Kwathu kuno nkhaniyi si yaukhondo chabe. Mlendo wanu akutsegula webusaiti pa foni ndi bando imene wagula ndi ndalama yake, mwina netiweki ikudukaduka, ndipo fayilo iliyonse yosafunika ikumudyera. Mu wp_enqueue_style ndi wp_enqueue_script, pa malo olembapo version, ikani filemtime ya fayiloyo, imene imanena nthawi imene fayiloyo inasinthidwa komaliza. Mukatero, mukasintha CSS browser imadziwa kuti pali yatsopano, ndipo simudzalandiranso foni yakuti "koma kwanga sizinasinthe".

Git

Ngati pali sitepe imodzi imene mungatenge pa malangizo onsewa, tengani iyi. Ambiri tinayamba ndi foda yodzaza ndi website-final.zip, website-final2.zip, website-yomaliza-zenizeni.zip. Njira imeneyi imagwira mpaka tsiku limene kasitomala anena kuti mubwezeretse mmene fomu inalili mwezi wa Marichi, inu n'kuyamba kutsegula mazipu mmodzimmodzi.

Git inalembedwa ndi Linus Torvalds mu 2005 kuti isunge mbiri ya khodi ya Linux, imene anthu masauzande amaikapo manja. Imakumbukira kusintha kulikonse, amene anasintha, tsiku, ndi chifukwa chake. Imagwira pa kompyuta yanu popanda intaneti. Mumangofuna intaneti pamene mukutumiza kope kwina.

Lowani m'foda ya plugin yanu mulembe git init. Chitani chimodzimodzi pa child theme, kapena ikani zonse ziwiri mu repository imodzi (foda imene Git ikusunga mbiri yake) yoyambira pa wp-content n'kuuza Git kuti isaone zina zonse. Ine ndimakonda yachiwiriyi chifukwa theme ndi plugin nthawi zambiri zimasintha limodzi. Musanasunge koyamba, lembani fayilo ya .gitignore, imene ndi mndandanda wa zimene Git isatenge: foda ya uploads, node_modules, vendor, debug.log, mafayilo a backup, ndi wp-config.php ngati repository yanu ikuifikira. Mfundo yake ndi yakuti mu Git mumalowa zimene inu mwalemba. WordPress yeniyeni ndi ma plugin a eni mutha kuwakoperanso nthawi iliyonse.

Za wp-config.php ndiime pang'ono. Mmenemo muli pasiwedi ya database. Makiyi achinsinsi amene kampani yolandirira malipiro inakupatsani nawonso akhale mmenemo, kapena kwina kunja kwa khodi, ndipo plugin yanu izingowaitana ndi dzina. Asalembedwe mu malipiro.php. Git siiwala. Mukaika kiyi lero n'kuifufuta mawa, idakalipo m'mbiri, ndipo aliyense amene ali ndi repository atha kubwerera n'kuiwerenga. Pa GitHub pali maloboti amene ntchito yake ndi kusaka makiyi oterewa m'ma repository oonekera kwa onse. Ngati zakuchitikirani kale, kufufuta sikokwanira. Pitani kumene munatenga kiyiyo, muiphe, mutenge ina.

Kasungidwe ka tsiku ndi tsiku ndi kophweka:

```
git status
git add includes/mafomu.php
git commit -m "Fomu ikane tsiku lochoka lokhala kumbuyo kwa tsiku lofika"
git push
```

Uthenga wa commit, kutanthauza kusunga kumodzi kwa zimene mwasintha, mukulembera munthu wotopa amene akufufuza vuto pakati pa usiku, ndipo nthawi zambiri munthuyo mudzakhala inu nomwe. Kulemba kuti "update" kapena "fix" n'chimodzimodzi osalemba kanthu. Nenani chimene chasintha, ndipo ngati chifukwa chake sichoonekeratu, chinenenso. Commit iliyonse inyamule nkhani imodzi. Mukasakaniza kukonza fomu ndi kusintha mitundu mu commit imodzi, tsiku lofuna kubweza chimodzi mudzabweza zonse.

Ntchito yaikulu, monga kuwonjezera njira ina yolipirira, ichitikire pa nthambi yake:

```
git switch -c malipiro-a-khadi
```

Nthambi yaikulu, yotchedwa main, ikhale yofanana ndi zimene zili pa webusaiti yeniyeni. Ubwino wake mudzauona tsiku limene muli pakati pa ntchito ya masabata awiri, kasitomala n'kuimba kuti nambala ya foni pa fomu ndi yolakwika. Mumabwerera ku main, kukonza, kutumiza, n'kubwereranso ku ntchito yanu yosatha ija popanda kuitaya kapena kuitulutsa isanapse.

Kenako tumizani kope kunja kwa laputopu yanu. GitHub, GitLab ndi Bitbucket zonse zimalola repository yobisika kwaulere. Chitani push tsiku lililonse musanatseke. Malaputopu amabedwa m'minibasi, amapsa magetsi akabwera ndi mphamvu, ena amangofa okha. Ndipo ganizirani za mwini wake. Ngati kasitomala analipira khodiyo, repository ikhale pa akaunti imene iye ali ndi mphamvu nayo, inu mukhale woitanidwa. Mayi a kunyanja aja akanakhala ndi zimenezi, vuto lawo likanatha pa ola limodzi.

Malo atatu: kwanu, koyesera, ndi kwa alendo

Khodi isalembedwe pa webusaiti imene anthu akuigwiritsa ntchito. Ikani WordPress pa kompyuta yanu. Pulogalamu ya Local ndi yosavuta kuyamba nayo. XAMPP imagwira pa Windows, Mac ndi Linux, Laragon ndi ya Windows, ndipo DDEV ndi ya amene azolowera Docker ndipo makina awo ali ndi mphamvu. Chofunika n'chakuti PHP ya pa kompyuta yanu ifanane ndi ya pa seva. Khodi yoyenda bwino pa PHP 7.4 itha kugwa pa PHP 8, chifukwa zinthu zina zimene kale zinkangopereka chenjezo tsopano zimaimitsa zonse. Phindu lina n'lakuti ntchito imapitirira ngakhale netiweki yachoka.

Mu wp-config.php ya pa kompyuta yanu, yatsani nyali:

```php
define( 'WP_DEBUG', true );
define( 'WP_DEBUG_LOG', true );
define( 'WP_DEBUG_DISPLAY', false );
define( 'WP_ENVIRONMENT_TYPE', 'local' );
```

Zolakwika zonse zidzalembedwa mu wp-content/debug.log. Muziiwerenga fayilo imeneyo ngakhale tsamba likuoneka bwino. Mzere wachinayi unabwera ndi WordPress 5.5 mu 2020. Umalola khodi yanu kufunsa, kudzera mu wp_get_environment_type, kuti ili pati: local, development, staging kapena production. Ndi mmene mumaletsera kuti maimelo oyesera asapite kwa alendo enieni, komanso kuti malipiro agwiritse makiyi oyesera. Palibe chochititsa manyazi ngati mlendo kulandira uthenga wakuti wasungitsa chipinda chimene sanasungitse.

Malo achiwiri ndi staging, kope la webusaiti pa seva yomweyo kapena yofanana nayo, lotsekedwa ndi pasiwedi kuti Google ndi anthu odutsa asalione. Apa ndi pamene kasitomala amayesera ndi kuvomereza. Apanso ndi pamene ma update a theme ndi ma plugin amayamba kuikidwa.

Posamutsa database kuchokera ku webusaiti yeniyeni, adiresi yakale imakhala italembedwa malo ambirimbiri. Musatsegule fayilo ya SQL n'kusintha ndi dzanja. WordPress imasunga zinthu zina limodzi ndi chiwerengero cha zilembo zake, ndipo adiresi ikasintha kutalika chiwerengerocho chimaphonya, ma widget ndi makonzedwe a theme n'kusowa. WP-CLI imadziwa kuwerenganso:

```
wp search-replace 'https://adiresi-yakale' 'https://adiresi-yatsopano' --dry-run
```

Yambani ndi --dry-run kuti muone zimene zisinthe, kenako yendetsaninso mutachotsa mawuwo. Database iziyenda njira imodzi, kuchokera kwa alendo kubwera kwanu. Khodi iziyenda njira inayo, kuchokera kwanu kupita kwa alendo. Mukakankhira database ya pa laputopu ku webusaiti yeniyeni, mwafufuta aliyense amene anasungitsa kuyambira tsiku limene munakopera.

Kumbukiraninso kuti mu database imeneyo muli mayina, manambala a foni ndi maimelo a anthu. Dziko la Malawi lili ndi lamulo loteteza zinthu zoterezi la 2024, ndipo ngakhale pakanapanda lamulo, anthuwo anapereka nambala zawo kuti agone, osati kuti ziziyenda m'chikwama chanu. Fufutani kapena sinthani mayina enieni pa kope la pa laputopu ngati ntchito yanu sikuwafuna.

Kutumiza pa seva

Kukoka mafayilo mmodzimmodzi pa FTP ndi kumene zinthu zimaphonyekera. Mwasintha anayi, mwatumiza atatu, kapena intaneti yaduka fayilo ili pakati. Ngati seva yanu ili ndi SSH, njira yolowera pa seva n'kulembapo malamulo, ikani repository pamenepo ndipo kutumiza kukhale git pull, koma onetsetsani kuti foda ya .git siingatsegulidwe kuchokera pa browser. Ma hosting ambiri a cPanel ali ndi gawo la Git Version Control limene limachita zomwezo. Ngati zonsezi palibe, mangani plugin yanu kukhala zipu n'kuikweza pa dashboard. Kuyambira WordPress 5.5, mukakweza zipu ya plugin imene ilipo kale, imakufunsani ngati mukufuna kulowetsa yatsopano m'malo mwa yakale.

Musanatumize, tengani backup, ndipo ikhale backup imene munayesapo kuibwezeretsa. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Backup imene simunaiyesepo ili pachala. Kwezani nambala ya version pa mutu wa plugin: yomaliza pa kukonza kwakung'ono, yapakati pa chinthu chatsopano, yoyamba pa kusintha kumene kukuphwanya zakale. Ikani chizindikiro mu Git ndi git tag v1.2.0 kuti mudziwe pobwerera. Mukatumiza, tengani foni yanu, zimitsani WiFi, sungitsani chipinda ngati mlendo kuyambira poyamba mpaka imelo ifike. Ndipo musatumize Lachisanu madzulo, pamene inu mukupita kumudzi ndipo alendo akuyamba kuchuluka.

Pomaliza tsekani khomo lakumbuyo. Mu wp-config.php ya webusaiti yeniyeni lembani:

```php
define( 'DISALLOW_FILE_EDIT', true );
```

Izi zimachotsa malo osinthira mafayilo a theme ndi plugin pa dashboard. Popanda zimenezi, tsiku lina wina adzakonza kanthu mwachangu pamenepo, Git siidzadziwa, ndipo kutumiza kwanu kotsatira kudzafufuta kapena kugundana ndi zimene anachitazo.

Zochepa za chitetezo ndi zida

Chilichonse chochokera kwa mlendo chiyeretsedwe polowa, ndi sanitize_text_field, sanitize_email kapena absint malinga ndi chimene mukuyembekezera. Chilichonse chopita pa tsamba chidutse mu esc_html, esc_attr kapena esc_url. Fomu iliyonse ikhale ndi nonce, kachizindikiro kobisika kotsimikiza kuti fomuyo yachokeradi pa webusaiti yanu. Ntchito ya oyang'anira okha ifunse current_user_can isanachite kanthu. Ngati mukulankhula ndi database mwachindunji, dutsani mu $wpdb->prepare. PHP_CodeSniffer yokhala ndi malamulo a WordPress Coding Standards imakugwirani mukaiwala zambiri mwa izi, ndipo ndi yaulere.

Mudzamva anthu akunena za Composer, autoload ya PSR-4 ndi kulemba zonse m'ma class. Ndi zida zabwino, ndipo plugin yanu ikakula mpaka mndandanda wa require_once kufika makumi awiri, kapena mukafuna library ya eni monga yopangira malisiti a PDF, nthawi yake yakwana. Koma pa plugin ya mafayilo atatu musadzivutitse. Ndaona achinyamata aluso akutaya sabata kumanga nsanja ya ma class pa ntchito ya mizere 80, wodzalandira ntchitoyo n'kulephera kupeza pamene mtengo umawerengedwera.

README

Fayilo ya README.md ija musaisiye yopanda kanthu. Tsamba limodzi likwanira. Lembani kuti plugin imachita chiyani, imadalira ma plugin ati, ikufuna PHP iti, mayina a makiyi amene ayenera kukhala mu wp-config.php popanda kulemba makiyi enieniwo, mmene munthu angaikire webusaiti pa kompyuta yake, ndi mmene mumatumizira pa seva. Onjezani zachilendo zimene munthu sangazidziwe pongowerenga khodi, monga chifukwa chake mitengo ya Disembala imawerengedwa mosiyana, kapena chifukwa chake update ya plugin inayake iyenera kuyamba yayesedwa ndi fomu.

Njira yoyesera README ndi imodzi. Perekani repository kwa mnzanu wa ntchito yomweyi, musamuuze kanthu pakamwa, aike webusaitiyo pa laputopu yake potsata zimene mwalembazo. Paliponse pamene waima n'kukufunsani, yankho lake mulilembe mu README musanamuyankhe.

Kwa kasitomala konzani pepala lina, la mawu wamba, losindikiza ngati n'kotheka: dzina la webusaiti linalembetsedwa kuti ndipo limatha liti, hosting ili kuti, repository ili pa akaunti iti, backup imasungidwa kuti, ndi mabatani ati pa dashboard amene angadine yekha ndi ati amene ayambe wakuimbirani. Mayi a kunyanja aja pepala lawo analiika m'kabati ya ku reception, limodzi ndi makiyi a zipinda.